Dzanja Lopanda Golovesi

Lachisanu lililonse belu la masana likalira, ogwira ntchito pafakitale yophera ng'ombe ankathamangira kuchipinda chodyera ngati akuthawa moto. Sankathamangira chakudya ayi, koma TV yomwe inapachikidwa pakhoma, chifukwa inali nthawi ya sewero la chombo chosochera mumlengalenga. Lamulo linkati mipeni izisiyidwa pakhomo, koma tsiku limeneli aliyense ankalowa nawo uli m'chimake, m'chiuno. Golovesi ya mawaya achitsulo, imene wodula nyama amavala kudzanja lamanzere kuti asadzicheke, nayonso sankavula. Malamba ake ndi ochedwetsa, ndipo munthu amadyera dzanja lamanja.

Wonola, bambo amene ankanola mipeni ya fakitale yonse, anakhala pabenchi yakutsogolo pamodzi ndi mlamu wake, mlongo wa mkazi wake. Wonolayo ndiye anamupezera ntchitoyi posachedwapa. Mlamuyo anali munthu wa phee, wodula nyama mofulumira osadandaula kutopa, motero anzake anamupatsa dzina loti Makina. Poyamba inali nthabwala chabe. Koma sabata imeneyo kapitawo anachotsa ntchito Dazi, mnzawo wakale, atamugwira atabisa nyama m'gambuti, ndipo aliyense ankadziwa kuti pali wina amene anakamunenera. Maso onse anali pa mlamuyo, poti ndiye anali mlendo pantchitopo.

Musewero zinthu zinali zitafika povuta. Mpweya unkatha m'chombo, ndipo mayi wotsogolera ulendowo anali atazindikira kuti mmodzi wa anthu ake si munthu. Anali makina ovekedwa khungu, otumidwa ndi adani kuti azibowola matanki a mpweya. Mayiyo anawaimika onse pamzere, mpeni uli m'manja. Aliyense achekedwe chikhatho: wotuluka magazi ndi munthu, wosatuluka aponyedwe kunja.

"Ndi dokotala uja!" anakuwa Wailesi, mkulu wosatopa kulankhula. "Taonani maso ake, saphethira!"

"Khala chete iwe, tikumva nawe chiyani?"

"Mayi, yambani ndi wamfupiyo! Mutaya nthawi!"

Wina anamenya tebulo mpaka tiyi anatayika. Munthu woyamba atachekedwa n'kutuluka magazi, chipinda chonse chinapuma pamodzi. Wachiwiri chimodzimodzi. Kenako panabwera zotsatsa malonda, ndipo anthu anatukwana TV ngati ikumva.

Chimphona, amene ankagwira ntchito yogwetsa ng'ombe ndipo anali mnzake wapamtima wa Dazi, anaimirira pang'onopang'ono.

"Mayiyu ali ndi nzeru," anatero. "Ifenso tili ndi chombo chathu chobooka. Bwanji tiyese athu Makinawa, tione ngati ali ndi magazi?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwabwino. Mlamu uja anapitiriza kudya buledi wake osatembenuka.

"Mwaona? Samva n'komwe. Mabatire atha," anatero Chimphona.

"Achimwene, ndisiyeni ndidye," anatero mlamuyo.

"Achimwene ako ndani? Achimwene ako ali mu ofesi ya kapitawo."

Chimphona anamugwira kolala n'kumudzutsa. Mlamuyo anaponya dzanja lamanzere kuti adzimasule, ataiwala kuti lavala chitsulo. Golovesi inatera pakamwa pa Chimphona. Mlomo unang'ambika, dzino linagwera m'mbale ya Wailesi.

Basi, chinali chipwirikiti. Benchi inagwa. Amuna atatu anamugwetsera mlamuyo pansi, magambuti n'kuyamba kumugwera m'nthiti ndi kumsana. Wina anamuswera kapu m'mutu. Wonola analowa pakati akukankha uyu, kukoka uyo, chigongono cha munthu n'kumupeza pamphuno. Anamva magazi akutsikira kukhosi koma sanasiye mpaka anamugonera mlamu wake pamwamba.

"Mupha munthu, anthu inu! Mupha munthu chifukwa cha sewero?"

"Si sewero, mdala," anatero Chimphona akulavula magazi. "Dazi ali ndi ana. Chokanipo."

Wonola anayang'ana nkhope zomwe zinamuzungulira. Anthuwa anawadziwa zaka zambiri, ndipo anadziwa kuti sabwerera chimanjamanja. Akapanda kupeza kanthu lero, akamudikirira mlamuyo kuchipinda chozizira, kumene kuli ngowe ndipo kulibe mboni. Anaganiza kuti kuli bwino awapatse kanthu kakang'ono, nkhaniyo ithere m'kuseka.

"Chabwino," anatero. "Mwati mukufuna kuona magazi? Kadontho kamodzi, ngati musewero. Akatuluka, nkhani yatha, ndipo palibe adzamutchulenso Makina. Tagwirizana?"

"Tagwirizana!" anayankha Wailesi, wokondwa kuti sewero lafika m'chipinda momwemo.

"Alamu, musatero," ananong'ona mlamuyo. Diso lake limodzi linali litatupa kale. "Ine sindinanene kanthu kwa munthu."

"Ndikudziwa. Ingopirirani, ndi kukanda chabe. Ndikugwirani ndine."

Anamudzutsa n'kumukhazika patebulo. Wailesi anagwira dzanja lamanzere, anaona golovesi ndi malamba ake, n'kulisiya.

"Ili litichedwetsa, sewero liyamba. Bweretsani linalo."

Palibe anaganizapo kawiri, ngakhale Wonola amene. Anatambasula dzanja lamanja la mlamu wake patebulo, dzanja logwira mpeni, n'kulipanikiza pamkono. Chimphona anasolola mpeni wake wochotsera mafupa. Unali wopyapyala, ndipo Wonola anauzindikira, poti anaunola yekha m'mawa womwewo. Nsonga yake inakhudza chikhatho, m'munsi mwa zala.

Nthawi yomweyo sewero linabwerera. Mayi uja anali atafika pa dokotala. Mpeni usanamukhudze, nkhope ya dokotalayo inang'ambika pakati, mawaya n'kutuluka, ndipo anamudumphira mayiyo pakhosi ndi mkuwo woboola m'makutu.

"Ndinanena ine!" anakuwa Wailesi akudumpha.

Chipinda chonse chinadzuka. Amene anali kumbuyo anakankhira kutsogolo kuti aone bwino, ndipo onse anagwera pamsana pa Chimphona. Thupi lake lonse linatsamira pampeni.

Mlamuyo sanakuwe msanga. Anangotsegula pakamwa. Kenako magazi anathamanga patebulo, kudutsa pakati pa makapu, n'kuyamba kudontha pansi. Bala linali litayasama kuchokera pakati pa chikhatho mpaka m'mphepete, ndipo mkati mwake munkaoneka timitsempha tiwiri toyera, toduka, tikubwerera m'mnofu. Aliyense m'chipindamo ankadula mitsempha yotere tsiku ndi tsiku. Panalibe wofunika kumufotokozera.

Wonola sanadziwe kuti chitsulo chake chonolera mipeni chafika bwanji m'manja. Anamumenya nacho Chimphona pakhutu, n'kubwereza paphewa. Chimphona anagwada, mpeni unagwa, koma Wonola anapitiriza mpaka anthu anayi anamugwira. Powakutumula, chitsulocho chinapulumuka n'kukamenya TV. Galasi linasweka, mawu anazima. M'chipindamo munangotsala kupuma kwa anthu ndi kubuula kwa mlamu wake.

"Anandikankha," Chimphona ankangobwereza, atagwira khutu. "Mwaona nonse, anandikankha."

"Koma magazi atuluka," anatero Wailesi ndi mawu aang'ono. "Ndiye kuti si iyeyo anamunenera Dazi."



Wonola anavula epuloni, anang'amba malaya ake n'kumanga dzanjalo mwamphamvu. Kapitawo analowa akufunsa chomwe chachitika, ndipo anthu onse anayang'ana pansi. Wina anati munthu waterereka. Kapitawoyo anayang'ana dzino m'mbale, TV yosweka ndi nkhope zotupa, koma anangoitana galimoto yonyamula nyama kuti iwathamangitsire kuchipatala.

Wonola ndi mlamu wake anakhala kumbuyo kwa galimotoyo, pakati pa ngowe zolendewera. Nsalu ija inali itafiira yonse. Mlamuyo anatsamira khoma lozizira, golovesi ikadali kudzanja lamanzere. Wonola anayamba kumumasula malamba ake, limodzilimodzi, chifukwa analibe china choti achite.

"Madokotala amalumikiza," anatero. "Masiku ano amalumikiza bwinobwino."

Mlamuyo anakweza dzanja lomangidwalo n'kuliyang'ana. Anayesa kufumbata. Chala chachikulu chinapinda, chamkombaphala ndi chapakati zinatsatira monjenjemera. Ziwiri zotsalazo zinangoti njo, ngati si zake. Anayesanso, mano ali gwa, thukuta likutsika pachipumi. Sizinasunthe.

"Mpeni umagwiridwa ndi izi, alamu," anatero. "Mukudziwa inu."

"Ndikudziwa."

"Kunyumba mukanene ndinu. Kwa mkazi wanga, ndi kwa achemwali anga. Mukawauze amene anandigwira dzanja."

Galimoto inakhota kulowa pachipata cha chipatala, ngowe zija zikugundana pamwamba pawo. Wonola anatsika choyamba n'kutambasula manja kuti amuthandize. Mlamu wake anatsika yekha.