Palibe Amene Anaimirira

Mlamu wanga Edwell anali wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga. Akatopa ndi mageti a anthu ankapanga zakezake, ndipo mayi wachitsulo wosenza mbaula amene anapanga anatengedwa ndi nyumba ina yoonetsera zaluso m'tauni. Edwell atamwalira, mkazi wake Towera, yemwe ndi mkulu wanga, ankapita kumeneko akamusowa mwamuna wake.

Kenaka nyumba ija inatumiza antchito ake kukaphunzira zofufuza alendo. Anabwerako ndi nzeru zatsopano: kumalondola anthu mwakachetechete, kuona pamene aima ndi chimene ayang'ana. Chinthu chopanda ochiimirira chizikatsekeredwa kuchipinda cha katundu. Mlonda wina wa panyumbapo, wokhala ku Mtendere, anatitsina khutu kuti mayi wachitsulo uja ali m'gulu la zochotsedwa.

Ndinapsa mtima. Ndinamema azimayi a kutchalitchi kwathu, Loweruka tinadzaza minibasi mpaka kondakitala kulendewera pakhomo. Akufuna anthu? Awaona anthu.

Koma ife ndife oleredwa. Titangolowa, Towera anaona chitsulo chija n'kuyamba kusisima. Ndiye munthu ungaime njo pamaso pa namfedwa ngati mtengo wa magetsi? Tinayala zitenje, tinakhala pansi momuzungulira, mitu yoweramitsa, tikuimba chapansipansi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Mtsikana wogwira ntchito pamenepo, dzina lake Nsama, anaima pakona ndi foni yake akutiyang'ana. Tinatuluka tikudzitama kuti ntchito tagwira.

Mwezi usanathe tinabwererako awiri, ine ndi Towera. Pamalo paja tinapeza ataikapo benchi. Ndinamusaka Nsama mpaka kumupeza.

"Iwe, chili kuti chinsimbi cha ba Edwell? Si tinabwela bambili ise?"

"Ninakuonani, ba mayo," anatero, maso ali kumbali. "Manje ku training banatiuza ati tizipenda chabe wamene aimilila na kuyangana. Imwe munankala pansi, menso pansi."

"So unabauza chani bakulu bako?"

"Ati palibe anaimilila."

Mawu amene ndinamuuza sindingawabwereze, ndipo sindidandaula nawo. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ulemu wathu womwewo ndi umene unachotsetsa chitsulo cha Edwell. Towera sanakalipe. Anandikoka dzanja kuti ndikhale chete, n'kufunsa mofatsa.

"Mwana wanga, kwamene mwachiika uko, ningangeneko pang'ono chabe?"

"Sorry, ba mayo. Kuja ni ba staff chabe."