Mpando Wachiwiri pa Nkhalamba

"Alamu, mpando uja mwauona koma?" anafunsa mchemwali wa mwamuna wa Telala, atatsamira chitseko cha shopu yosokeramo.

Telala sanadzutse mutu pa makina, koma mpandowo anali atauona. Njinga yamoto ya mwamuna wake, imene anthu ankaitcha Nkhalamba, inali yakale kuposa ukwati wawo. Inali ya mtundu uja wosintha yokha magiya: umangopotokola chogwirira, iyo n'kumapita ikutsokomola. Chiigulireni inali ndi mpando umodzi. Telala akapempha kukwera, yankho linali lomwelo: "Nkhalamba sibereka anthu awiri, ingathyoke msana."

Tsono bamboyo anali atachotsa bokosi la zitsulo kumbuyo n'kuikitsapo mpando wachiwiri, wofewa, wokhala ndi chotsamira. Wakutsogolo anautsitsa.

"Mpando wawofuwofu chonchija si wonyamulira simenti ayi," anapitiriza mlamuyo. "Achimwene anga ndimawadziwa. Mukagona, mudzadzuka muli awiri. Paja mapanga awiri avumbwitsa, koma amuna samva."

"Kasekeni kwanu, alamu," anatero Telala. Singano inathyoka.

Mawu aja anamukhala pamtima. Masiku amenewo foni ikalira uthenga, bamboyo ankangoiyang'ana pang'ono n'kuibweza m'thumba osawerenga. Akamalankhula naye, maso ankaloza pambali. Tsiku lina anachoka m'mawa atavala malaya abwino, ndipo atafunsidwa anangoti, "Ndinali m'tauni." Kufunsa zambiri Telala ankachita manyazi, sanali munthu wolongolola.

Mawa lake anatseka shopu n'kupita kugalaja kumene Nkhalamba inakonzedwa. Anapeza makaniko atagwada, manja ali bii ndi girisi.

"Mpando uja munaika, ndi wa ndani?"

"Ii, mayi, ngakhale moni? Ine ndimakonza njinga, za m'banja sindimasula."

"Ndakufunsani."

Makaniko anapukuta manja pang'onopang'ono. Pamenepo Telala anaona tepi yoyezera ili lende pamsomali, yachikasu, yopsa ndi simbi kumapeto. Inali yake, imene anaifunafuna mpaka kukalipira ana a neba.

"Tepi iyi yafika bwanji kuno?"

"Anabwera nayo bambo, atamanga mfundo apa. Anati mpando wakutsogolo utsike mpaka pamfundopa, kuti woyendetsa azifikira pansi ndi mapazi onse awiri. Akuti ndi munthu wamfupi, koma waukali." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutsokomola.

"Woyendetsa? Nanga wakumbuyowo?"

"Umenewo tinayezera iwo eni ake. Anakhalapo kangapo, akuti chotsamira chikhale cholimba." Makaniko anatsitsa mawu. "Mayi, foloko yogwira tayala lakutsogolo ndaiwongola kawiri mwezi uno. Akuti chipata n'chopapatiza. Chipata chomwe akhala akulowa zaka zonsezi? Dzana sipanala inali pamphuno pawo, koma ankaipapasa ngati ili m'thumba. Musanene kuti ndanena ndine."

Telala anatsitsa tepi ija n'kuika mfundo pachiuno pake. Nsonga inakhudza pansi ndendende.

Kunyumba anapeza bamboyo akupukuta Nkhalamba pakhonde. Telala anatulutsa foni yake n'kumupatsa.

"Bambo, tandiwerengereni uthenga uwu, manja anga ali ndi mafuta."

Bamboyo anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, kenaka anaiika pamwendo.

"Kuchipatala cha maso akuti ndisiye kuyendetsa," anatero pomaliza. "Ndimafuna muyambe mwaikonda njingayi, ndiye ndikuuzeni. Ndimaopa muzindiona ngati katundu."

"Ndiye munaona kuti kuba tepi yanga n'kwabwino? Ana a eni ake ndinawanena akuba!" anatero Telala. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya bulauzi, n'kukweza mwendo kukhala pampando wakutsogolo. Mapazi onse awiri anaponda pansi.

"Mabuleki ali kuti?"

"Yambani mwadziwa polizira."

"Ndati mabuleki. Chipata chija chavutika mokwanira."

Atatulukira mumsewu, akuyenda mokhotakhota ngati mwana wophunzira kuyenda, anakumana ndi mlamu uja atanyamula ndowa.

"Alamu!" anafuula Telala. "Mkazi wa pampando wofewa uja ndamugwira. Ndi uyu ali kumbuyoyu!"

Bamboyo sanaseke. Anangomugwira m'chiuno mwamphamvu, maso atatsinzina.