Koleji Yolengezedwa M'tchalitchi

Ruth ankafuna kuphunzira za maganizo a anthu opalamula milandu. Chidwichi chinayamba pamene mchimwene wake Steven anatuluka kundende ali wosinthika: wosalankhula, wodzidzimuka chitseko chikangogunda. Ruth ankafunitsitsa kudziwa chimene chimathyoka mumtima mwa munthu, ndi mmene chingalumikizidwire.

Atakhoza mayeso a Fomu 4, Lamulungu lina kutchalitchi kwawo ku Senga Bay kunabwera mlendo wovala suti. Pa nthawi ya zolengeza, iye anati koleji yake ya ku Lilongwe imaphunzitsa zomwezo, ndipo pakangotha chaka wophunzira amakhala katswiri wopereka umboni m'khoti. Anatseka ndi pemphero lalitali logwira mtima.

Bambo a Ruth, a Wilfred, omwe amaphika pa loji ina, anaimirira pomwepo. "Abale, Ambuye ayankha! Mwana wanga akupita kumeneko." Amayi analulutira, kwaya inayamba nyimbo yoyamika.

Potuluka, Mayi Pauline, mlangizi wa boma woperekeza ana kukhoti, anawaimitsa pakhomo.

"Iwe Ruth, koleji imeneyi boma likuidziwa?"

"Koma anti, ailengeza m'tchalitchi."

"Mbuzi zosowa timalengezanso m'tchalitchi, mwanawe."

A Wilfred sanaseke. "Mayi, munthu wopemphera chonchija anganame?"

"Achimwene, mukamagula chambo cha alendo anu, mumachinunkhiza kapena mumamvera kukoma kwa pakamwa pa msodzi? Ntchito imeneyi njolemera. Mawu a katswiri angachititse kuti munthu amangidwe kapena amasulidwe. Amayamba ndi digiri ya za maganizo a anthu pa yunivesite yovomerezeka, zaupanduzo amazama nazo pambuyo pake. Pitani mukaone ndi maso. Mukafunse ngati bungwe loona za maphunziro apamwamba linawavomereza, ndiponso kumene ophunzira amakayeserera ntchito."

A Wilfred anavomera monyinyirika. Lachitatu lake anakwera minibasi ndi Ruth.

Kolejiyo inali zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya zitsulo za galimoto. Eni ake anati chikalata cha boma chowavomereza chili m'njira. Ruth anafunsa mphunzitsi mwaulemu, "Kodi ophunzira amakayeserera kundende iti, kapena chipatala chiti?"

"Ayi, timawaonetsa mafilimu a apolisi. N'chimodzimodzi."

Pamasitepe anakumana ndi mnyamata wina, Alex, wa ku Lifuwu, yemwe anamaliza pomwepo chaka chatha. "Satifiketi yanga aikana paliponse," anatero. "Kwathu amanditcha dokotala, koma ndikupirikitsa mbalame m'mpunga."

Pobwerera, minibasi itafika pa Kamuzu Road, a Wilfred anatembenukira kwa Ruth. "Ndinalankhula pamaso pa mpingo," anatero. "Ndikabweza mawu, anthu adzandiseka."

"Adzaseka sabata imodzi, ababa," anayankha Ruth. "Ine ndingalire moyo wonse."

Lamulungu lotsatira a Wilfred anaimiriranso, chipewa chili m'manja. "Abale, ndinathamangira kuyamika ndisanayese mzimu. Ndikanamangira mwana wanga nyumba pamchenga. Makolo anzanga, musatumizeko ana musanafufuze." Palibe amene anaseka. Mabanja ena awiri anali atalembetsa kale ana awo, ndipo anawachotsa.

Ruth anadikira chaka chathunthu akuthandiza kuchapa zofunda pa loji, anzake akumunena kuti maphunziro amukanika. Kenaka anasankhidwa ku yunivesite yovomerezeka.

Tsiku lonyamuka, Steven ananyamula chikwama mpaka pa siteji. Anachikweza m'minibasi, natembenukira kwa Ruth.

"Mlongo," anatero, "ukamaliza, udzayambe ndi ine."

Phunziro: Pemphero silitiletsa kufufuza. Musanasankhe koleji, onetsetsani kuti ndi yovomerezeka, dziwani amene amaphunzitsa ndi kumene ophunzira amayeserera ntchito. Mulungu amene anatipatsa chikhulupiriro anatipatsanso maso.