Mawanga a Kunsonga

Inali m'ma seveni m'mawa, kunja kukuwaza kamvula, pamene ndinalowa m'nyumba ya magalasi momwe timadzalamo zomera za kafukufuku, n'kupeza masamba a kunsonga atachita mawanga.

Zomera zimenezi sizinayenera kudwala chonchi. Kachilombo kakalowa m'tsamba, kamachoka m'selo ina kupita m'selo inzake kudzera m'timipata ta m'makoma a maselo. Koma sikadutsa kokha. Chomeracho chili ndi puloteni imene imakatsegulira njira, ngati mlonda wodyera limodzi ndi akuba. Ntchito yanga ya zaka zambiri inali yochotsa puloteniyo. Ndinkati mlondayo akachoka, kachilombo kadzathera pomwe takapaka dala poyesa, patsamba la m'munsi.

Abwana, mayi amene amatsogolera kafukufuku wathu, anatembenuza tsamba limodzi ndi cholembera.

"Amathirira muno ndi Sitima, eti?"

Sitima ndi alamu anga, mchimwene wa malemu mkazi wanga. Dzinalo analipata chifukwa cha utsi wa ndudu. Ntchito yothirirayi ndinawapezera ndine.

"Fodya wa mu ndudu amatha kusunga kachilombo ka mawanga," anatero abwana. "Munthu akasuta n'kugwira tsamba osasamba m'manja, zatha. Ndinawachenjeza kale. Kaunikeni ndi nyali ya buluu. Kachilombo kathu tinakaika chizindikiro, kamawala. Ka mu ndudu sikawala. Likapanda kuwala tsambali, alamu anuwo asabwerenso."

Mbali inayo sanaitchule. Likawala, ndiye kuti kachilombo kathu kadutsa popanda mlonda uja, ndipo zaka zanga zapita m'madzi.

Sindinathamangire nyali. Ndinayamba ndapita pasinki. Sopo anali wouma gwa, mpaka kung'aluka. Magolovesi anali chikolekere pamsomali, fumbi lili mbuu.

Alamu analowa ndi keni yothirira, akuimba mluzu.

"Alamu, nkhope bwanji ngati mwatafuna ndimu? Mwagona ndi njala?"

"Sopo uyu ndi wouma."

"Aa, mwasanduka wapolisi wa sopo? Ine ndimasamba pampopi wa panja."

"Panja palibe sopo."

"Ndimayenda ndi wanga." Anamenya thumba la ovolosi. Munalira machesi.

Ndinayang'ana zala zawo, zachikasu kunsonga. Ndinaona mmene amakankhira masamba ndi kuseri kwa dzanja kuti madzi afike patsinde. Kodi amachita chonchi tsiku lililonse? Chilichonse chinkaloza iwo, ndipo mtima wanga sunadandaule nazo kwenikweni.

"Nyamulani mphika uwo, tipite m'chipinda chamdima," ndinatero.

"Mukufuna mukandifinye khosi mopanda mboni?"

"Mboni ndinu."

Ndinatseka chitseko, n'kuwafotokozera zimene abwana ananena. Mluzu unatheratu. Mumdimamo ndinkangomva mpweya wawo ndi fungo la fodya. Ndinayatsa nyali.

Tsamba la m'munsi linawala mobiriwira. Kuwalako kunatsata mitsempha, kukwera ndi tsinde, n'kukamwazika m'masamba a kunsonga. Sizinali zopakidwa ndi chala cha munthu. Kachilombo kanayenda kuchokera mkati.

"Ndiye zili bwino kapena zaipa?" anafunsa alamu monong'ona.

"Kwa inu zili bwino."

"Nanga kwa inu?"

"Chomerachi chili ndi mlonda wina amene sindikumudziwa."

Kenako anati, "Mumayesa ndine, eti?"

"Ee."

"Mlongo wanga ankanena kuti inu mumakayikira ngakhale mchere ngati ulidi wowawa."

Ndinazimitsa nyali n'kutsegula chitseko.

Abwana atamva, anagwedeza mutu n'kunena kuti tiyambirenso, tifufuze puloteni yachiwiriyo. Za Sitima sanazitchulenso.

Nditabwerera, ndinapeza alamu pasinki, akupaka sopo woumayo mwamphamvu kuti ndione.

"Wakana kuchita thovu," anatero. "Mwina nayenso mumuunike."

"Machesiwo muzisiya panja."

Anawatulutsa n'kuwaika pawindo, pomwe ndinkatha kuwaona. Ine ndinakoka thireyi ya dothi, n'kuyamba kufesa mbewu zina.