Fungo la Sipiriti

"Mwana wanga akadzangomaliza sukulu, akuba onse a mumsewu uno adzasamuka ndi masikelo awo omwe!"

Ankatero a Mtengo-Watsika, eni golosale ya pakona, ataima pakhomo mimba patsogolo ngati mayesowo ankalemba ndi iwo. Dzinalo linawamatirira chifukwa m'mawa uliwonse ankakuwa kuti mtengo watsika, ngakhale palibe anauonapo ukutsika.

"Kodi akuphunzira chiyani?" anafunsa wometa wa tsidya lina la msewu.

"Sayansi ya ogula."

"Kugula kumafunanso digiri? Akazi anga amagula tsiku ndi tsiku, koma pulayimale yomwe sanamalize."

"N'chifukwa chake amakugulirani mafuta osakaniza ndi madzi, achimwene. Wanga uja akangoliyang'ana botolo, botololo limaulula lokha."

Mwanayo aliyense ankangomutcha Mzime. Mayi ake anamwalira iye asanadziwe kumanga zingwe za nsapato, choncho anakulira kuseri kwa kauntala, pakati pa matumba a shuga ndi makatoni a sopo. Loweruka masana bambo ake ankatseka chitseko cha kuseri, n'kumutsinzinira diso.

"Tiyeni mayi, tisambitse zitini."

Ankatenga thonje ndi botolo la sipiriti, n'kumapukuta kunsi kwa chitini chilichonse, pamene pali timanambala takuda, mpaka pawale ngati kalilole. Bambo ankati ndi litsiro la ku fakitale. Ankaimba nyimbo zopanda mutu, ankamufotokozera momwe mayi ake anawakanira kangapo asanawalole, ndipo ntchito ikatha ankamupatsa switi. Pa ubwana wake wonse, Mzime sanakumbukire maola okoma kuposa amenewo.

Ali chaka chachitatu ku yunivesite, mphunzitsi analowa mu labu ndi chitini cha mkaka wa makanda. Anati chiyende dzanja ndi dzanja.

"Musangoyang'ana. Nunkhizani kunsiko."

Anzake anakwinya mphuno. Mzime atanunkhiza anamwetulira, chifukwa anamva fungo la kwawo.

"Ameneyo ndi sipiriti," anatero mphunzitsi. "Amachotsa inki ya deti. Mkakawu unatha mphamvu kalekale, koma wogula adziwa bwanji? Khanda limatsegula m'mimba, mayi ake n'kumati ndi mano akumera."

Kumwetulira kuja kunamuumira pankhope. Anayang'ana zala zake. Tsiku limenelo chakudya sichinamulowe.

Atapita kutchuthi anayamba nkhaniyo mozungulira, ngati wopempha mchere kwa mnansi amene anakangana naye.

"Ababa, zitini zija tinkasambitsa zija..."

"Iwe, chitini chimadziwa kalendala? Chili ndi maso?" Anaseka, koma ataona kuti mwana sakuseka, anatsitsa mawu. "Mayi, katundu akatsala pa shelefu ndimutaye? Si zitini zomwezo zakufikitsani ku labu kwanuko?"

"Ndi za makanda, ababa."

Bambowo anapukutapukuta kauntala yoyera kale.

"Chabwino. Ndasiya. Mayi ako akundimva kumene aliko."

Mzime anakhulupirira. Munthu ukafuna kukhulupirira bambo ako, sufuna mboni.

Chaka chomaliza anamutumiza kukaphunzira ntchito kwa oyendera masitolo. Anamupatsa chovala chonyezimira chovala pamwamba pa malaya ndi mpando wa kumbuyo m'galimoto. M'mawa wina galimotoyo inakhotera mumsewu wa kwawo, n'kuima pakona penipeni.

A Mtengo-Watsika anatuluka ngati aitanidwa kukalandira mendulo.

"Si ameneyo! Si mwana wanga ameneyo! Tulukani nonse muone! Achimwene ometa, bisani malumo a dzimbiriwo, lero kwacha!"

Anthu anasonkhana. Mkulu wa oyenderawo, mayi wa magalasi wosakonda kuseka, anayang'ana bambowo, kenako Mzime.

"Ndi bambo ako? Ukhoza kudikira m'galimoto."

"Adikire chiyani?" anakuwa bambowo. "Ayambire pomwe pano, anthu aone kuti maphunziro ndi chiyani!"

Anamugwira dzanja iwo eni, n'kumulowetsa ngati mkwatibwi.

M'golosalemo zonse zinali monga kale: sikelo yopendekeka pang'ono, chithunzi cha mayi ake pamwamba pa shelefu ya machesi. Pakauntala panaima mayi wina wachitsikana, khanda lili kumsana, atafungatira chitini cha mkaka chimene anali atangosankha.

"Wophunzira, yamba ndi chimenecho," anatero mkulu uja.

Mzime anachilandira. Mumtima ankangopempha chinthu chimodzi, timanambala takuda. Anachitembenuza. Kunsi kunkawala ngati kalilole, moti anadzionamo nkhope. Sanafunikire n'kuchibweretsa pafupi ndi mphuno.

Anadzutsa maso. Bambo ake anamutsinzinira diso, kutsinzina komwe kuja kwa Loweruka masana.

Khanda lija linayetsemula kumsana. Mayi ake anatambasula manja kuti abwezeredwe chitini chawo.

"Nanga, wophunzira?"

Mzime anachikanikiza pachifuwa.

"Deti yafufutidwa," anatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Sindinamve."

"Yafufutidwa ndi sipiriti. Zina zili kuseri, m'makatoni a pansi pa zenera."

Oyendera analowa kuseriko, n'kuyamba kutulutsa makatoni. A Mtengo-Watsika anatsegula pakamwa, pakamwa pomwe sipanasowepo yankho, koma panangotuluka mawu amodzi.

"Mayi..."

Oyendera aja anawatulutsa panja bambowo. Mkulu uja anapatsa Mzime tepi yofiira yotsekera sitolo, ndipo iye anaimata pachitseko kuchokera uku kufika uko, osacheuka. Tsidya lina la msewu wometa, amene zaka zonsezi ankadikira tsiku loti adzawaseke, analowa m'shopu mwake mwakachetechete n'kukoka katani.