Chikuku Pageti la Paki

Adalaivala anayendetsa basi zaka makumi atatu osagundapo ngakhale galu. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Matenda anawapeza m'mawa wina atawerama kuti amange zingwe za nsapato. Akazi awo, amene anthu onse mumsewumo ankangowatchula kuti Atelala chifukwa cha makina osokera omwe ankalira pakhonde pawo tsiku lonse, anamva kuti phi! kuchipinda. Atathamangirako anapeza amuna awo ali pansi, pakamwa patakhotera mbali imodzi.

Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anagonako milungu isanu. Potuluka, mawu anali atabwerera, koma dzanja ndi mwendo wakumanzere zinali ngati zobwereka kwa munthu wina. Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa mbali ina ya tauni, anawabweretsera chikuku cha odwala. Adalaivala anakhalamo, n'kuuza akazi awo kuti awatembenuzire kukhoma. Miyezi iwiri inatha akuyang'ana khomalo. Anzawo akuntchito akabwera kudzawazonda, iwo ankatseka maso ngati agona.

Mayi wina wakuchipatala, amene ntchito yake inali kuphunzitsa odwala kuyendanso, sanapite m'mbali polankhula ndi Atelala.

"Mwendo uwu ukapanda kugwira ntchito uiwala," anatero. "Apezereni malo osalala, aziyesa tsiku ndi tsiku. Komanso azituluka, aziona anthu. Munthu wongobindikira amayamba kufa mtima, thupi limangotsatira."

Malo osalalawo akanapezeka kuti? M'nyumba mwawo ukaponda kanayi wagunda khoma. Msewu wawo unali maenje okhaokha ndi ngalande yosavundikira. Koma kungodutsa misewu itatu kunali paki, yokhala ndi tinjira ta simenti, mitengo yamthunzi, mabenchi, akatungwe ndi dziwe la abakha. Kale ankapitako ndi mwana wawo ali wamng'ono. Kenako ntchito inawameza onse awiri, pakiyo n'kumangoiona podutsa.

"Mawa tikupita kupaki," anatero Atelala tsiku lina akuwapukuta amuna awo kumaso.

"Muyende bwino."

"Ndati tikupita."

"Kuti anthu akandione ndikukankhidwa ngati thumba la kabichi? Theka la tauni ino ndalinyamulapo ine, mayi. Aliyense amandidziwa."

"Ndiye zili bwino. Inu munawanyamula zaka zonsezi, palibe amene anachita manyazi. Lero mwakhala pasinjala mwayamba matama?"

Adalaivala anang'ung'udza, koma woyendetsa chikuku sanali iwo. Loweruka masana Atelala anawaveka malaya ositidwa bwino ndi chipewa, n'kuwatulutsa.

Ulendowo sunali wamasewera. Adalaivala anali chimunthu chathupi, pomwe Atelala anali kamayi kochepa, ka msana wopindika ndi makina. Tayala lakutsogolo linkakodwa pamwala uliwonse. Asanafike pakona yoyamba, wodwala uja anali atayamba kale ntchito yake yakale.

"Dzenje ilo! Kumanja! Ndati kumanja! Layisensi munaitenga kuti inu?"

"Mukapitiriza ndikutsitsani pasiteji ikubwerayi," anayankha Atelala akupumira m'mwamba. Mumtima anasangalala, chifukwa aka kanali koyamba m'miyezi iwiri kumva amuna awo akukalipa ngati munthu wamoyo.

Atafika pakhomo la paki, chimwemwe chija chinazilala. Polowera anthu oyenda pansi panali pataikidwa zitsulo zokhotakhota kuti njinga zamoto zisamalowe. Munthu ankadutsa chammbali, n'kukhota kawiri. Chikuku sichikanakwana ngakhale utachipaka mafuta. Pambali pake panali geti lalikulu, koma linali lomangidwa ndi unyolo ndi loko wadzimbiri.

Mlonda wa pakiyo, bambo wowonda wa chipewa chachikulu kuposa mutu wake, anabwera akupepesa.

"Kiyi ali ku ofesi yoyang'anira mapaki, mayi. Ine chiyambire ntchito pano sindinamuonepo. Koma ndikhoza kuitana amuna awiri atatu, tiwanyamule bambowa tiwadutsitse pamwamba."

"Ine odzandinyamula adzandinyamula kamodzi kokha, ndili m'bokosi," anatero Adalaivala. "Tiyeni kunyumba."

Pobwerera anali ndi kamawu kachipambano. "Mwaona? Ngakhale pakiyo yandikana." Atafika kunyumba, Atelala anakhala pamakina, ndipo makinawo analira ngati alakwa ndi iwo.

Lolemba m'mawa anawasiya amuna awo m'manja mwa aneba, n'kupita ku ofesi ija. Patebulo lolandirira alendo panali mtsikana wa zikhadabo zofiira amene anamvetsera nkhani yonse maso ali pafoni.

"Abwana ali kumsonkhano. Lembani kalata."

Atelala analemba pomwepo, ataimirira. Lachitatu anabwerera. Anauzidwa kuti kalatayo ikuyenda.

"Ikuyenda? Ili ndi mwayi," anatero. "Amuna anga sakuyenda."

Lachisanu anabwera ndi chikwama chodzaza malaya a ana asukulu ofunika mabatani. Anakhala pabenchi moyang'anana ndi chitseko cha abwana, n'kutulutsa singano ndi ulusi.

"Mayi, abwana mwina sabwera lero," anatero mtsikana uja.

"Usadandaule, mwanangu. Mabatani alipo ambiri."

Ndipo tsiku lililonse dzuwa likapendeka, kiyi kapena popanda kiyi, Atelala ankakankha chikuku mpaka pageti la paki. Ankachiimika pamthunzi kunja kwa mpanda, n'kukhala pamwala pambali pake. Manja awo anachita matuza, matuzawo n'kuphulika, n'kuuma.

"Mwandisandutsa chikwangwani," ankadandaula Adalaivala. "Tikudikira chiyani pano?"

"Tikuzolowera njira."

Pampanda pomwepo anakumana ndi mayi wina amene ankabwera ndi mwana wake wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri, wosayenda chibadwire. Mayiyo ankaimika chikuku cha mwanayo pafupi ndi waya kuti azionera anzake akusewera pakatungwe. Anati wakhala akuchita zimenezi zaka zitatu, chiikire zitsulo zija. Mtsikanayo ankaseka mnzake akakwera m'mwamba ngati wakwera ndi iye. Adalaivala anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo tsiku limenelo sanakalipe za maenje pobwerera.

Lachinayi la mlungu wachiwiri, atangofika pageti, Adalaivala anayamba kuyang'anitsitsa zitsulo zokhotakhota zija ndi diso limene ankayezera nalo mpata pakati pa magalimoto awiri.

"Tandiyandikitseni apo," anatero. Anagwira chitsulo ndi dzanja lamanja n'kuchigwedeza. "Alonda, izi n'zolimba?"

"Zolimba, bambo. Anazikwirira m'simenti ine ndikuona."

"Zikufanana ndi zija amatigwiritsa kuchipatala. Mayi, gwirani mabuleki."

Atelala anayang'ana pansi. Kuchipatala amuna awo ankaima pakati pa anthu awiri owachirikiza, pansi pali matiresi. Apa panali simenti yokhayokha. Anafuna kunena kuti dikirani, koma anameza mawuwo. Anatseka mabuleki, n'kukulunga lamba wa thalauza la amuna awo kudzanja kwawo.

Adalaivala anakoka chitsulo. Ulendo woyamba anabwerera pampando. Wachiwiri anadzuka, miyendo ili njenjenje, thukuta likutsika m'khosi. Anaponda ndi mwendo wamanja. Wamanzere unakana, ngati wamera mizu. Anautukwana pang'onopang'ono, n'kuukoka ndi chiuno chonse mpaka nsapato inakhwekhwereza pasimenti.

Kumbuyo kwawo anthu ofuna kulowa anayamba kuunjikana. Panalibe wodandaula. Kenako bambo wina wovala kabudula wothamangira anakweza mawu.

"Kodi awa si adalaivala a basi yam'mawa ija?"

Atelala anamva thupi la amuna awo likuuma m'dzanja mwawo. Chimene amuna awo ankachiopa chija chinali chitafika, ndipo chinawapeza ali pakati pa zitsulo, kobwerera kulibe.

"Ndi iwo ndithu!" anapitiriza bamboyo. "Zaka zisanu ndi ziwiri sindinachedwepo kuntchito chifukwa cha bambo awa. Pang'onopang'ono, bwana, kona iyo n'njoipa."

"Makona ndimawadziwa ine," anatero Adalaivala mano ali gwa. "Inu ingokhalani pansi, musasokoneze woyendetsa."

Anthu anaseka, ndipo kuseka kuja kunawakankha. Anakhota koyamba. Pokhota kachiwiri bondo linapinda, Atelala n'kukoka lamba ndi mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo, mpaka phewa linalira. Bondo linawongoka. Mlonda anali atapinda kale chikuku n'kuchidutsitsa pamwamba pa zitsulo, ndipo Adalaivala atatulukira mbali inayo anangodzigwetsamo. Anali ataponda kasanu ndi kanayi. Anakhala phee, akupuma ngati basi yokwera mtunda, akuyang'ana udzu ndi mitengo. Atelala anatembenuka ngati akukonza mpango kuti anthu asaone maso awo.

Akubwerera kunyumba, Adalaivala anati, "Basi, nkhani yatha. Ku ofesi kuja musapitenso, mwavutika mokwanira."

"Nanga mtsikana wa pachikuku uja? Iyenso agwire zitsulo?"

Atadutsa maenje awiri, Adalaivala anati, "Mukapite ndi mabatani ambiri."

Ulendo wachisanu, Atelala anakhala pabenchi kuyambira potsegula ofesi. Masana chitseko chinatseguka, n'kutuluka bambo wa tayi atanyamula mafayilo. Atelala anaimirira pakati pa khonde, singano ili m'manja.

"Ndi inu abwana?"

"Ndi inu mayi a mabatani?" anafunsa bamboyo motopa. Zinkaoneka kuti mbiri yawo inali itazungulira nyumba yonse. Anawalowetsa mu ofesi, n'kutseka chitseko. Anakanda kumutu, kenako anaulula. Kiyi wa geti lija anasowa kalekale, iye asanabwere, ndipo panalibe amene ankafuna kulemba papepala kuti wasowa.

"Ndiye misonkhano yonseyi munkafunafuna kiyi?" anafunsa Atelala. "Bwana, ine ndine wosoka chabe. Koma zipi ikakana kutseguka sindiitanitsa msonkhano. Ndimaidula, n'kuika ina."

Bamboyo anaseka mwamanyazi. Atelala sanaseke. Anamuuza za mtsikana wa pampanda uja, zaka zake, ndi mmene amasekera. Anati mawa abweranso, ndipo abwera ndi mayi wa mwanayo, ndi mwanayo, ndi amuna awo, onse adzakhale pakhondepo.

Sanafunike kutero. M'mawa mwake amuna awiri anafika papaki ndi sowo yodulira zitsulo. Loko wadzimbiri anagwa pansi, ndipo kiyi wa loko watsopano mlonda anamumangirira pachingwe n'kuvala m'khosi ngati mendulo.

Patapita milungu itatu, Lamlungu lina masana, banja lonse linasonkhana m'pakimo. Mwana wawo anabwera ndi mwamuna wake ndi ana awo aakazi awiri. Anayala nsalu pansi pa mtengo, n'kutulutsa tiyi wa m'fulasiki, buledi, mazira owiritsa ndi malalanje. Kutsidya kwa udzu, mtsikana uja anali m'mphepete mwa dziwe ndi mayi ake, akuponyera abakha nyenyeswa n'kumawakalipira olanda anzawo.

Adalaivala tsopano ankatha kuyenda ndi ndodo kuchoka pabenchi ina kufika pa ina, ngakhale mwendo unkakokabe. Koma Atelala sankakhazikika. Ankasenda malalanje, kuthira tiyi, kukonza chipewa cha amuna awo, kufunsa ngati amwa mankhwala.

"Amayi, takhalani pansi," anatero mwana wawo. "Chifikire simunalawe kanthu."

"Ndikhala, ndingomaliza ichi."

"Mayi, mwana wanena," anatero Adalaivala. "Zimitsani injini."

Atelala anakhala. Anavula nsapato, n'kuponda udzu ndi mapazi osavala. Unali wozizira bwino. Anati angotsamira pachikwama pang'ono. Phokoso la ana linayamba kumveka patali, ndipo tulo timene anakhala akutikana miyezi inayi tinawagwira masana dzuwa likuswa mtengo.

Atadzidzimuka, mthunzi unali utasuntha. Chikuku chinali patali, mdzukulu wamkulu akukankha mng'ono wake mozungulira mtengo. Amuna awo panalibe. Atelala anadzambatuka, maso uku ndi uku, mpaka anawaona kutali ndithu, panjira yopita kwa akatungwe, mtunda umene sanayendepo. Ankapita ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, mkamwini ali pambuyo manja ali tambalale ngati akuthamangitsa nkhuku.

Atelala anayamba kufunafuna nsapato. Mwana wawo anawagwira mkono.

"Asiyeni, amayi."

Patalipo Adalaivala anadzandira. Mkamwini analumpha kuti awagwire, koma iwo anadziwongola okha, n'kutembenuka kumuloza ndi ndodo. Mawu sankamveka, koma zinali zoonekeratu kuti mkamwiniyo akulandira phunziro. Kenako anapitiriza ulendo.

Atelala anayang'ana mpaka amuna awo atafika pakatungwe n'kugwira mzati wake. Pamenepo anaika nsapato pansi.

"Tandithirire tiyi," anauza mwana wawo. "Ndipo dzira limenelo ndi langa, asalitenge munthu."