Kachilombo Kachikasu m'Chikwama cha Evance

Rute ankangofuna kuchapa chikwama. Mwamuna wake Evance anali atangotsika ku Chambe m'mawa wa Loweruka lomwelo, atatha masiku atatu akusenzera katundu alendo okwera phiri, ndipo chikwamacho chinkanunkha utsi ndi thukuta. Anachikhuthula pakhonde: masokosi onyowa, mpeni, botolo la madzi, machesi. Pansi penipeni dzanja lake linakhudza kanthu kofewa, kokulungidwa bwinobwino m'jumbo.

Kanali kachidole kachikasu, konenepa ngati mbira, ka makutu ataliatali akuda kunsonga. M'masaya kanali ndi madontho awiri ofiira ngati tomato wakupsa, ndipo mchira wake unali wokhotakhota ngati mphezi ikamang'amba mtambo. Kankamwetulira. Rute atakafinya pamimba, masayawo anathwanima, kenaka kanalira mokondwa ngati kamwana kogirigishidwa.

Anadzidzimuka n'kukagwetsa. Kubafa kunkamveka madzi ndi mluzu wa Evance. Msangamsanga anakatola, nakakulunganso, nakabwezera momwe anakapeza.

M'nyumbamo munalibe mwana. Pa zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati wawo, Rute anali atapita padera katatu. Nanga chidole chinali cha yani?

"Alendo a ulendo uno anali owolowa manja?" anafunsa Rute akumuikira Evance tiyi ndi chinangwa.

"Andisiyira jekete lija ndi tochi."

"Basi?"

"Basi. Umafuna andisiyire ndege?" Evance anaseka, koma maso ake anali m'kapu.

Tsiku lotsatira kachidoleko munalibe m'chikwama. Rute anakapeza masana akusesa, katalowetsedwa m'kati mwa gambuti yakale kuseri kwa chitseko, kakumwetulirabe ngati kodziwa zimene iye sankadziwa.

Lolemba ali m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana, anafotokozera mnzake Sheila maonekedwe a kanthuko. Sananene kuti wakaona kuti.

"Aaa, chimenecho ndikuchidziwa," anatero Sheila manja akuthyolabe masamba. "Ana anga amandimalizira batire ya foni chifukwa cha icho. Ndi gemu yogwira tizilombo, ndiye kachikasuko akuti kamatulutsa magetsi m'masaya. Ana amakafera." Anaima, n'kumuyang'ana. "Koma iwe wakaona kuti? Usandiuze kuti kwanu."

Rute anangopitiriza kuthyola masamba.

"Mnzanga, bambo wandevu sabisa chidole chifukwa chofuna kuseweretsa yekha. Uwauze a Evance kuti mapanga awiri avumbwitsa."

Mawuwo sanamuchoke Rute m'mutu. Anayamba kukumbukira tinthu timene ankangotinyalanyaza: maulendo a ku Chitakale mwezi ndi mwezi, foni imene inkangowonongeka osatha kukonzedwa, mapapaya a pakhomo amene ankasowa akangoyamba kupsa. Anayesa kudzilankhula kuti mwina mlendo wina anaiwala chidolecho kuphiri ndipo Evance akudikira kuchibweza. Koma chobweza amabisa m'gambuti?

Lachitatu m'mawa Evance anavala shati yake yoyera. "Ndikupita ku Chitakale, foniyi yayambanso."

Atatuluka, Rute anapisa dzanja m'gambuti muja. Munali mbee. Anatumiza uthenga kwa kapitawo kuti mutu wamuvuta, nafunda chitenje kumutu, n'kukwera minibasi yotsatira kuchokera pa Likhubula. Njira yonse mtima unkamutsutsa. Mkazi wozonda mwamuna wake! Koma kubwerera sakanatha.

Anamuona Evance pa siteji ya ku Chitakale, akugula mandasi. Kwa wokonza mafoni anangodutsa osacheuka n'komwe. Analowa kanjira ka kuseri kwa msika, ndipo mayi wina wogulitsa nanazi anamukuwira mwachizolowezi:

"Bambo a Tamanda, mwatulukira? Wakhala akukufunsani mwana uja!"

Rute anaima pomwepo. Dzina limenelo, la bambo a uje, iye anali asanamuitanepo nalo mwamuna wake, ndipo apa linkatuluka m'kamwa mwa munthu wachilendo mosavuta ngati moni.

Anamutsatira mpaka pa kanyumba ka njerwa zosawotcha. Pakhonde telala wina wochepa thupi ankapalasa makina osokera. Pambali pake panali kamtsikana, kamene kanalumpha n'kukolekera m'khosi mwa Evance. Iye anatulutsa jumbo ija m'malaya. Mwanayo atatsegula anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

Rute anachotsa chitenje kumutu n'kufika pabwalo. "Odi."

Makina anaima. Evance anatembenuka, nkhope yake n'kuchita ngati yathiridwa phulusa.

"Rute..."

"Foni yatheka?"

Rute ankayang'ana mwanayo, maso ake akufunafuna chotsutsa, koma sanachipeze. Mpata wa mano unali womwewo wa Evance. Makutu otambalala omwewo.

"Uli ndi zaka zingati, mwanawe?"

"Naini," anayankha mwanayo monyadira. "Ndakwanitsa lero."

Zisanu ndi zinayi. Rute anawerenga mumtima kawiri. Mwanayu anabadwa iye asanadziwane n'komwe ndi Evance. Mpeni umene unali pamtima unasolokako pang'ono, koma sunachoke.

"Amayi ake ali m'nyumbamo?" anafunsa.

Telala uja anavula chipewa. "Mayi, ine ndine Honest, malume ake a mwanayu. Mchemwali wanga anapita ndi madzi chaka cha chigumula chija. Thupi lake sitinalione. Mwanayu anapulumuka chifukwa tsiku limenelo anali kuno. M'pamene ndinakawafunafuna alamuwa ku Likhubula, poti mchemwali wanga anali atandiuza dzina lawo."

"Ndinalibe kudziwa kuti anali woyembekezera pamene tinkasiyana," anatero Evance. "Uthengawu unandipeza iwe utangotuluka m'chipatala kachitatu kaja. Ndikanayamba bwanji? Ndinati ndidikire uchire. Kenaka mwezi unabala chaka."

"Ndiye munaona kuti ine ndine dzira," anatero Rute motsitsa, kuti mwana asamve. "Munandisiya ndikupempherera nyumba yopanda mwana, inu muli naye. Anthu a nanazi akudziwa, ine mkazi wanu ayi."

Evance anazolika.

Tamanda sankamva za akuluakuluzo. Anafika pafupi, kachidole kali m'manja, n'kumukoka Rute chitenje.

"Anti, mukukadziwa aka? Ndimakaona pa foni ya aphunzitsi athu. Sikalola kutsekeredwa m'kampira ngati tinzake, kamayenda paphewa pa mwini wake. Akafuna kumupweteka mwini wakeyo, kamatulutsa magetsi, thwaa! Adadi anachita kupempha mzungu wina kuphiri, anawasenzera chikwama chachiwiri kuti awapatse."

Rute anayang'ana kumutu kwa mwanayo. Tsitsi linali lolukidwa mbali imodzi yokha, mizere yokhota, yomangidwa ndi ulusi wa makina. Mbali inayo linali litapotana ngati chisa cha mpheta.

"Wakuluka ndani?"

"Ankolo. Koma amakoka, ndiye ndinathawa."

Honest anakanda m'mutu mwamanyazi. "Nsalu ndimatha, mayi. Izi zinandikanika."

Rute anaima nthawi yaitali. Minibasi zinkaitanira pa siteji, ndipo akanatha kukwera ina n'kukafika kwawo kwa amayi ake dzuwa lisanapendeke. Anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Nkhani yathu sinathe, a Evance. Ankhoswe aimva Lamlungu likubwerali, ndipo mukaifotokoza ndi pakamwa panu, kuyambira pachiyambi."

"Ndamva."

"Achimwene," anatero kwa telala uja, "chipeso chilipo m'nyumba muno?"

Rute anakhala pa mpando wa ndalema. Tamanda, osadikira kuuzidwa, anadzikhazika pansi pakati pa mawondo ake n'kutsamira, msana wake wofunda ukugunda miyendo ya Rute. Rute analandira chipeso kwa Honest. Anamasula ulusi uja umodziumodzi, nayamba kupesa kuchokera kunsonga, pang'onopang'ono, chifukwa tsitsi lopotana ukaliyambira kutsinde mwana amalira.